Mwapuma pa Ntchito ku Britain, Mukubwera Kudzakhala Kumudzi: Za Penshoni, Msonkho ndi Malo

Kabuku aka ndi ka Amalawi amene adagwira ntchito ku Britain, monga anamwino amene adapita chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, osamalira okalamba ndi madalaivala, amene tsopano akufuna kubwerera kwawo ku Chileka, ku Lirangwe ndi midzi yozungulira. Komanso ndi ka nzika za Britain zimene zasankha kudzakalambira kuno chifukwa cha banja, mpingo kapena ntchito. Achibale amene mumawayendetsera mapepala makolo ameneŵa, nanunso kakuthandizani.

Zambiri zimene zimavuta munthu akafika kuno zimakonzeka mosavuta akadali komweko. Choncho yambani mapepala musanagule tikiti ya ndege. Safunsa adadya phula.

KODI PENSHONI YA BOMA LA BRITAIN NDINGAILANDIRE NDILI KU MALAWI?

Inde. Penshoni imeneyi imachokera pa zaka zimene mudasonkha National Insurance, osati pa pasipoti imene muli nayo. Mmalawi amene sadatengepo unzika wa Britain ali nawo ufulu wolandira ngati zaka zake zidakwana. Pa dongosolo limene lidayamba pa 6 Epulo 2016, pamafunika zaka 10 kuti mulandireko kena kake, ndipo zaka 35 ndiye zimapereka penshoni yonse. Amene adasonkha kale chisanafike chaka cha 2016 mawerengedwe awo amasiyanako, choncho pemphani chikalata chosonyeza zaka zanu ndi ndalama imene mukuyembekezeka kulandira. Ngati pali zaka zimene mudadumphitsa, nthawi zambiri amalola kulipirira zaka 6 zapitazi, koma malamulo a anthu okhala kunja ndi okhwimirapo, ndiye funsani mukadali komweko.

Msinkhu woyambira kulandira wakhala uli zaka 66, ndipo ukukwera kufika 67 pakati pa 2026 ndi 2028. Penshoni siibwera yokha: muyenera kuipempha. Okhala kunja amapempha ku International Pension Centre, ofesi ya dipatimenti ya DWP, ndipo angayambe kutatsala miyezi inayi kuti akwanitse zaka. Ndalama imalowa mu akaunti imodzi imene mwasankha, ya ku Britain kapena ya dziko limene mukukhala.

N'CHIFUKWA CHIYANI PENSHONI YA ANTHU OKHALA KU MALAWI SIIKWERA?

Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Ku Britain penshoni ya boma imakwera chaka chilichonse mu Epulo. Imakweranso kwa okhala m'mayiko a European Union, ku America, ku Jamaica, ku Philippines ndi ku Mauritius, chifukwa mayikowo ali pa mgwirizano wa za penshoni ndi Britain. Malawi alibe mgwirizano wotere, monganso Zambia, South Africa, Canada ndi Australia. Mukasamukira kuno, penshoni imaima pa ndalama imene munkalandira posamuka, kapena imene mwayambira ngati mwaipempha muli kale kuno, ndipo imakhala pomwepo mpaka kalekale.

Taonani kusiyana kwake. Mu Epulo 2016 penshoni yonse idali mapaundi 155.65 pa sabata. Mu Epulo 2025 idafika mapaundi 230.25. Mayi amene adayamba kulandira mu 2016 n'kudzakhazikika ku Lirangwe akulandirabe 155.65, pamene mnzawo amene adatsala ku Leeds pofika mu Epulo 2025 ankalandira mapaundi 74.60 oonjezera sabata iliyonse.

Musanyengeke ndi kugwa kwa kwacha. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, olandira mapaundi adaona makwacha awo atachuluka. Koma simenti, feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala zidakweranso. Poŵerengera za kutsogolo, ganizani kuti ndalama yanu ya mapaundi sidzasintha kwa zaka 20 kapena kuposa.

Mukabwerera kukakhala ku Britain, penshoni imakwera kufika pa mlingo wa nthawi imeneyo. Kubisa kuti mwasamuka, n'kumagwiritsa ntchito adiresi ya mwana wanu ku Manchester kuti izikwerabe, ndi chinyengo, ndipo akakugwirani mudzabweza ndalama yonse yoonjezerayo. Dziwaninso kuti thandizo la Pension Credit limatha mukasamuka.

KALATA YOTSIMIKIZA KUTI MULI MOYO

Nthawi zina a DWP amatumiza fomu yofuna kutsimikiza kuti mukadali moyo. Imasainidwa ndi inu komanso mboni yodziwika ntchito yake, monga dokotala, loya kapena m'busa, osati wachibale. Fomu ikapanda kubwezedwa, penshoni imaimitsidwa. Kumidzi kwathu makalata ambiri amafikira pa bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo amatha kugona kumeneko miyezi. Tsegulani bokosi lanu ku positi ofesi, muziliona mwezi ndi mwezi, ndipo mukasintha adiresi muziwadziwitsa.

MSONKHO: NDANI AYENERA KUDULA?

Posamuka, dziwitsani bungwe la msonkho la ku Britain, HMRC, kudzera pa fomu ya P85 kapena pa fomu yanu ya msonkho ya pachaka. Chaka chawo cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Mukakhala ku Britain masiku 183 kapena kuposa m'chaka chimenecho, amakutengani kuti ndinu wokhala komweko pa nkhani ya msonkho. Masiku ocheperapo angathenso kukukolani ngati muli ndi nyumba, banja kapena ntchito kumeneko. Amene mumapita kukalera zidzukulu, muzilemba masiku olowa ndi otuluka.

Ngakhale mwasamuka, ndalama yochokera ku Britain ingathe kukhomeredwabe msonkho komweko. Penshoni ya boma imabwera yosadulidwa, koma imaŵerengedwa pamodzi ndi penshoni ya kuntchito poona ngati mwapitirira mapaundi 12,570 pa chaka, ndalama imene munthu sakhomera msonkho. Nzika za Britain zimakhalabe ndi mwayi umenewu zili kunja. Ngati mulibe pasipoti ya Britain, funsani a HMRC ngati ukukukhudzani.

Malawi ndi Britain ali ndi pangano loletsa kuti ndalama imodzi ikhomeredwe msonkho kawiri. Pangano limeneli ndi lakale, la mu 1955, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma likugwirabe ntchito. Silikuthandizani lokha: muyenera kupempha pa fomu ya DT-Individual. Penshoni ya amene adagwira ntchito m'boma la Britain kapena m'gulu lankhondo nthawi zambiri imakhomeredwa msonkho ku Britain komweko.

Ngati mwasiya nyumba ya lendi ku Britain, lendiyo imakhomeredwa msonkho kumeneko. Okuyang'anirani nyumba amadula 20 peresenti pokhapokha a HMRC atavomereza fomu yanu ya NRL1. Mukaigulitsa, muyenera kuwadziwitsa pasanathe masiku 60.

Kuno kwathu, msonkho umayang'ana makamaka ndalama yopangidwa m'dziko muno. Mukamanga nyumba za lendi pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, kapena mukatsegula chigayo pa Lirangwe, lembetsani ku MRA kuti mupatsidwe nambala ya TPIN. Za penshoni yochokera kunja, pitani ku Msonkho House mu Blantyre ndi mapepala anu, mupemphe yankho lolembedwa, ndipo mulisunge. Pitaninso ku MRA, kapena alembereni, musanapakire kontena: obwerera kwawo amaloledwa kulowetsa katundu wawo wa m'nyumba wogwiritsidwapo kale ntchito popanda msonkho akakwaniritsa zofunika, koma katundu wogula dzulo, makamaka galimoto, sakhala m'gulu limeneli.

UNZIKA NDI ZILOLEZO ZOKHALA

Ngati mumakhala ku Britain pa chilolezo cha Indefinite Leave to Remain, chilolezocho chimatha mphamvu mukakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana. Penshoni yanu siikhudzidwa, koma khomo lobwerera limatsekeka, ndipo mungafunike viza kuti mukaone ana anu. Amene ali ndi unzika wa Britain alibe vuto limeneli. Ngati mukuyenerera unzikawo ndipo mukuufuna, pemphani musanasamuke.

Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018. Mmalawi wobadwa amene adataya unzika potenga pasipoti ya Britain angathe kupempha ku ofesi ya Immigration kuti ubwezeretsedwe. Musangoganiza kuti poti mchombo wanu udakwiriridwa kwa Kuntaja ndiye kuti mapepala ali bwino. Mukalowa ndi pasipoti ya Britain yokha, lamulo limakuonani ngati mlendo. Unzika ukatsimikizika, tengani chiphaso cha unzika ku NRB, chifukwa banki, MRA ndi a za malo onse amachifuna.

Nzika ya Britain imene ilibe magazi a Chimalawi imafunika chilolezo chokhala. Chilolezo cha alendo ndi cha masiku oŵerengeka ndipo sichilola kugwira ntchito. Wofuna kukhazikika apemphe Permanent Residence Permit, ndipo akonzeretu umboni wa ndalama imene amalandira komanso setifiketi ya ukwati ngati adakwatira kapena kukwatiwa kuno.

MALO OMANGAPO

Malamulo a za malo a mu 2016 adasinthidwa mu 2022, ndipo tsopano amaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. N'chifukwa chake nkhani ya unzika iyenera kutha musanapereke ndalama ya puloti.

Malo ambiri ku Chileka ndi Lirangwe ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo m'mabanja ambiri amayenda kuchikazi. Munthu mmodzi sangagulitse munda wa mbumba yonse payekha. Onanani ndi mwinimbumba ndi alongo ake, a nyakwawa ndi a gulupu, lembani pangano pamaso pa mboni, ndipo mufunse ku ofesi ya DC wa Blantyre ndi ku Unduna wa za Malo za kalembetsedwe kake. Bambo amene mukumanga kwawo kwa akazi anu, kumbukirani kuti nyumbayo ili pa nthaka ya kuchikamwini. Kambiranani lero za amene adzatsalemo mmodzi wa inu akadzatsogola. Ngati mukumangitsa mukadali kunja, tumizani ndalama pang'onopang'ono, gawo likatha n'kuona malisiti, ndipo mapepala onse akhale m'dzina lanu.

CHIPATALA

Thandizo laulere la NHS limatengera kukhala ku Britain, osati zaka zimene mudakhoma msonkho. Mukasamukiratu, kugonekedwa m'chipatala ku England muli pa ulendo wocheza kumalipiritsidwa, ndipo mtengo wa alendo ndi 150 peresenti ya mtengo wa NHS. Kuno, zipatala zazing'ono za boma ku Chileka ndi Lirangwe zimathandiza mwaulere n'kutumiza matenda aakulu ku Queen Elizabeth. Ku Mlambe pa Lunzu, ku Mwaiwathu ndi ku Blantyre Adventist kumalipiridwa. Funsani a MASM kapena a inshulansi ena za malire a zaka ndi matenda amene muli nawo kale musanabwere. Tengani mbiri yanu ya kuchipatala, ndipo odwala shuga kapena BP afufuziretu ngati mankhwala awo amapezeka kuno.

WILO NDI CHUMA CHA MASIYE

Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komabe wilo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, imachepetsa mikangano. Ngati muli ndi katundu m'mayiko onse awiri, uzani loya, kuti wilo ya kuno isafafanize ya ku Britain. Ku Britain msonkho wa chuma cha masiye ndi 40 peresenti pa chuma chopitirira mapaundi 325,000, ndipo kuyambira mu Epulo 2025 ungakhudzenso katundu wa kuno kwa zaka zingapo mutasamuka, ngati mudakhalitsa kumeneko.

Penshoni ya kuntchito imatha kupereka kena kake kwa wamasiye, choncho onetsetsani kuti fomu yotchula wolandira ili ndi dzina lolondola. Maliro akachitika, achibale atenge setifiketi ya imfa ku NRB n'kudziwitsa International Pension Centre msanga. Kupitiriza kutapa penshoni ya malemu ndi kuba.

MUSANANYAMUKE

1. Pemphani chikalata cha zaka zanu za National Insurance.
2. Lembani mayina ndi manambala a penshoni zonse za kumene mudagwirako ntchito.
3. Funsani banki yanu ya ku Britain ngati idzasunga akaunti ya munthu wokhala ku Malawi, chifukwa ena amatseka.
4. Funsani mabanki a kuno za akaunti yosunga ndalama zakunja, ndipo muzisinthitsa ku banki kapena malo ovomerezeka okha.
5. Malizani za unzika mbali zonse ziwiri.
6. Musasamutse penshoni yanu chifukwa cha munthu wongokuimbirani foni.
7. Ikani mapepala onse m'faelo imodzi, ndipo mwana kapena m'bale wodalirika adziwe pamene ili.

Ziŵerengero za penshoni ndi msonkho ku Britain zimaunikidwa chaka ndi chaka, choncho tsimikizani ku HMRC, DWP, MRA ndi Immigration musanasaine chilichonse, ndipo yankho lililonse lofunika mulipemphe lolembedwa.