ZA KACIPANGIZO KOGUNDITSA MTIMA

Mwezi uno tiphunzire za kacipangizo kamene madotolo amaika m'cifuwa ca munthu amene mtima wace ugunda pang'onopang'ono koposa muyeso. Dzina lace ndi pacemaker. Kali ndi batire ndi tiwaya, ndipo kakhala pansi pa khungu, kunsi kwa fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Tiwayato tipita mumtsempha wa mwazi kufikira mumtima. Munthu woyamba kukalandira m'thupi mwace ndiye Arne Larsson, ku Stockholm, m'caka ca 1958, ndipo anakhala ndi moyo kufikira 2001.

Tsono kacipangizoka kalibe nzeru zace zace. Kacita cimene dotolo anakalamula. Lamulo loyamba ndilo la ciwerengero. Mtima wa munthu wamkulu, akakhala cete, ugunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. Cifukwa cace dotolo kawirikawiri alamula kuti mtima usatsike pansi pa 60. Ukafuna kutsika, kacipangizo katumiza kamphamvu ka magetsi, mtima nugunda. Koma munthu wina anazolowera mtima wofatsa usiku, ndipo akagona aumva uli kuthamanga, tulo osabwera. Kwa wotere dotolo akhoza kuika ciwerengero ca usiku, monga 50.

Cinthu cimene ndifuna kuti mucimvetse bwino ndi ici. Mtima uli ndi zipinda zinai, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Zam'mwamba ziyamba kufinya, zam'munsi zitsata, monga akazi awiri osinja mumtondo umodzi: munsi wina ukatsika, wina ukwera. Nanga minsi ikatsikira pamodzi? Iombana, cimanga nicitayika. Momwemonso kacipangizo kakagunditsa cipinda cam'munsi cokha, osasamala cam'mwamba, nthawi zina ziwirizo zifinya pamodzi, mwazi nubwerera kumitsempha ya m'khosi. Pamenepo munthu amva kugunda m'khosi, cizungulire, kulefuka ndi kupuma mobanika, angakhale ali khale pamphasa wosagwira nchito iri yonse. Ambiri ayesa kuti ndi ukalamba cabe, napirira miyezi. Ine nditi kupirira kumeneko sikupindula kanthu, pakuti dotolo akhoza kusintha lamulo la kagundidwe, kapena pa ena kuonjezapo waya wa m'cipinda cam'mwamba.

Palinso tizipangizo tina timene tizindikira kugwedezeka kwa thupi, nitifulumizitsa mtima poyesa kuti munthu ali kuyenda. Tikacenjera kopambana, mtima uthamanga munthu atangokhala m'galimoto pamseu wa mabampu. Ndipo mphamvu ya magetsi ikacuruka, ikhoza kukhudza mtsempha wa mnofu umene tipuma nao, munthu namva ngati kanthu kali kumgogoda pansi pa nthiti, makamaka akagonera mbali imodzi.

Zambiri za izi zikonzedwa popanda mpeni. Dotolo ali ndi makina olankhula ndi kacipangizo kupyolera pakhungu, nawerenga zimene kanalemba, nasintha malamulo, wodwala ali cikhalire.

Koma dotolo sanali nanu usiku uja munabvutika. Cotero funsani ciwerengero cimene anakuikirani, cilembeni, ndipo phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima padzanja mphindi yathunthu. Mukamva zacilendo, lembani tsiku ndi ora, ndi cimene munali kucita, kaya munali cigonere kaya cikhalire; pepalalo mupite nalo ku cipatala. Mukapeza ciwerengero ca pansi pa cimene munauzidwa, musayambe kuopa msanga, pakuti kugunda kwina sikumveka padzanja. Werenganinso, ndipo cikakhalabe cotero mudziwitse dotolo tsiku lomwelo. Koma munthu akakomoka, kapena akamva kupweteka m'cifuwa, kapena mpweya ukamthera ali khale, musadikire kuti kuce. Mumtengere ku cipatala nthawi yomweyo.