Lezala Limodzi, Munthu Mmodzi

Anzanga a m'makalabu, phunziro la ulendo uno lachokera pa chibwano changa.

Ndevu zitayamba kundivuta, amalume anandipatsa chometera chawo chakale chachitsulo, chija chimamasulidwa kumutu n'kuikamo lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri. Chometera chotere si cha lero. King Camp Gillette wa ku America anayamba kuchigulitsa mu 1903, ndipo nzeru yake inali yoti chogwirira chikhale zaka zambiri, koma lezala likabuntha lizitayidwa.

Ndinagula malezala a mitundu itatu pamsika wa pa Dedza boma kuti ndione logwirizana ndi khungu langa. Tsiku loyamba linali la mu June, ndipo kuzizira kwa kuno nthawi imeneyo mukukudziwa. Ndinachita ulesi kusonkha moto, ndiye ndinameta ndi madzi ozizira, sopo osapaka. Ndinadzicheka malo anayi! Poyamba ndinada lezala, koma wolakwa ndinali ine. Ndevu zimafuna kunyowetsedwa kaye ndi madzi ofunda mpaka zifewe, kenaka thovu la sopo lokwanira. Pometa osakanikiza, ndipo muzitsata kumene ndevu zagonera. Mukamazibwerera, tiziphuphu sitichedwa. Nditaphunzira izi, malezala onse atatu anameta bwino, kungoti lina linkabuntha nditameta katatu, lina kasanu.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya tsiku loyamba lija. Magazi akadali pachibwano, msuweni wanga anatambasula dzanja.

"Asuweni, tandibwerekani chometeracho, ndingopala pang'ono."

Ndinakana. Iye nkhope inagwa. "Ndiye kuti mukundiganizira kuti ndili nako, eti?"

Funso limeneli ndi lomwe limatipangitsa ambiri kungopereka lezala mwamanyazi. Ndinamuyankha kuti magazi ali palezalapo ndi anga, ndipo pa nthawiyo ineyo ndinali ndisanayezetsepo. Amene ndinkamuteteza ndi iyeyo.

Apa tinene zoona, tisaopsezane. Njira yaikulu imene kachilombo ka HIV kamafalira kuno kwathu ndi kugonana mosadziteteza. Kunja kwa thupi kachilomboka sikakhalitsa, makamaka magazi akauma, choncho mpata wotenga HIV pa lezala ndi wochepa. Koma ulipo ndithu pamene lezala lacheka munthu wina n'kucheka mnzake nthawi yomweyo, magazi asanaume. Kudyera mbale imodzi, kupatsana moni kapena kufunda bulangeti limodzi ndi mnzathu amene ali ndi kachilombo kulibe vuto lililonse.

Pali kachilombo kena kamene sitikatchula kawirikawiri, ka Hepatitis B, komwe kamawononga chiwindi. Aka n'kolimba kuposa HIV: kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7. Lezala la dzana lomwe lili pawindo likhoza kukhala nako, ngakhale likuoneka loyera. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, ndiye azikulu athu ambiri amene anabadwa chakacho chisanafike sanabayidwe. Kupukuta lezala pa malaya kapena kulitsuka ndi madzi sikupha kachilomboka. Nazo zipere zimayenda pa lezala lobwerekana.

Kukaniza msuweni n'kosavuta. Povuta ndi pamwambo. Pa kumeta kwa maliro, lezala limodzi limatha kuyenda pamitu ya banja lonse, ndipo pometa mpala kuchekana sikulephera. Kwa asing'anga, potemera mphini, magazi amatuluka ndithu. Nanga mnyamata ngati ine ndingauze bwanji agogo kuti lezala lawo sindikulifuna? Pa maliro a azakhali sindinatsutse mwambo. Ndinagula paketi ya malezala, n'kupita kwa amalume kumbali, n'kunena kuti, "Malume, ndabweretsako awa kuti aliyense amete ndi lake." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anawalandira n'kugawa okha. Ndikanakalankhula pagulu, bwenzi atanditcha wamwano.

Ndalama zikachepa, lezala latsopano mukhoza kulithyola pakati likadali m'pepala lake, anthu awiri n'kugawana. Koma lomwe lagwira kale ntchito, kulithyola sikulisandutsa latsopano. Lotha kaliponyeni m'chimbudzi cha dzenje, osati kudzala kumene ana amatola n'kumasongolera mapensulo kapena kuwengera zikhadabo.

Ngati mwachekedwa ndi lezala lokhala ndi magazi a munthu wina, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya chaching'ono cha kwanuko kaya cha boma pa Dedza. Achipatala akaona kuti m'pofunika, amapereka mankhwala oteteza otchedwa PEP. Amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Kudikira kuti muone ngati mudwale ndi kutaya maola amenewo.

Mukakumana kukalabu sabata ino, chitani sewero. Wina akhale agogo atagwira lezala lawo lakale pa tsiku lometa maliro, wina akhale mdzukulu. Otsala mumvetsere kuti ndi mawu ati amene agogowo angawalandire osakwiya, ndipo amene akusewera agogo asagonje msanga.