Musanachoke kwa sensei wanu

Mukaphunzira kareti chaka chimodzi kapena ziwiri, imafika nthawi imene miyendo imalemera tsiku la masewera likakwana. Maganizo osamukira kwa mphunzitsi wina amayambira pamenepa.

Yambani mwafufuza chimene chakutopetsani. Miyezi yoyambirira munkaphunzira chatsopano tsiku lililonse, koma tsopano ndi nkhonya yomweyo ndi kata yemweyo, kubwerezabwereza mpaka thupi lizolowere. Luso limakhwima motero, ndipo kulikonse kumene mungapite mukazipeza. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dzipatseni miyezi itatu osajomba, mnzanu akujambuleni pafoni poyamba ndi pomaliza. Ngati kusintha kukuoneka, vuto silili kwa sensei.

Zina sizifuna kudikira. Mphunzitsi womenya ophunzira chifukwa cha ukali, wokakamiza munthu amene wachita chizungulire atamenyedwa m'mutu kuti apitirize, kapena wofunsira ophunzira ake, makamaka ana, musiyeni lero lomwe. Ngati nkhaniyo ikukhudza ana, uzani makolo ndi apolisi.

Ngati palibe zoterozo, yang'anani amene anakutsogolerani pasukulupo, chifukwa mmene alili iwo ndi mmene mudzakhalire inu. Kodi mapazi awo ndi okhazikika? Akamasewera ndi wongoyamba kumene, amabweza dzanja kapena amamuonetsa mphamvu? Onaninso ngati sensei amakukonzani inuyo panokha, kapena amangowerenga ichi, ni, san ali chiimire kutsogolo. Nkhani ya malamba nayo imaulula zambiri. M'sukulu zambiri za Shotokan, lamba wakuda amatenga zaka zitatu mpaka zisanu. Kumene aliyense wolipira mayeso amakhoza, ndiye kuti akugulitsa malamba.

Kenako lankhulani ndi sensei mwini wakeyo, pambali, masewera atatha. Funso likhale lofatsa: “Sensei, ndikonze chiyani kuti ndipite patsogolo?” Mphunzitsi wabwino amatchula zenizeni, mwina chiuno chimene sichizungulira kapena phazi lakumbuyo limene limanyamuka. Amene akwiya, kapena kungoti muzilimbikira basi, wakuyankhaninso.

Mukatero kaoneni sukulu imene mukufuna kusamukirayo, kawiri kapena katatu, pamasiku wamba osati achionetsero. Funsani za malipiro onse, a pamwezi ndi a mayeso, ndipo werengerani mtunda, popeza sukulu yabwino imene simutha kufikako kawiri pa sabata sikuthandizani. Funsaninso za lamba wanu. Malamba a mitundumitundu amaperekedwa kawirikawiri ndi sukulu kapena bungwe lake, ndipo kwina sawazindikira. Wa Shotokan amayamba ndi makata a Heian, pamene wa Goju-ryu amayamba ndi Gekisai ndi Sanchin, choncho mukasintha mtundu yembekezerani kuvalanso lamba woyera. Musakangane nazo, zimene thupi linaphunzira palibe angakulandeni. A taekwondo amene ali ndi satifiketi ya lamba wakuda yochokera ku Kukkiwon, ku Seoul, zimawayendera mosavuta chifukwa imadziwika m'mayiko ambiri.

Chimene chimamanga anthu ambiri ndi manyazi, kuopa kutchedwa osayamika. Komatu eni masewerawa sanaphunzire kwa munthu mmodzi. Jigoro Kano, asanakhazikitse judo ku Kodokan mu 1882, anadutsa m'manja mwa aphunzitsi atatu a jujutsu, a mitundu iwiri yosiyana. Gichin Funakoshi, amene anakaonetsa kareti ya ku Okinawa mumzinda wa Tokyo mu 1922, anaphunzira kwa Anko Asato ndi Anko Itosu. Ulemu umaonekera pa katsanzikidwe.

Ndiye mukatsimikiza, musangozimiririka, ndipo musatsanzike pa WhatsApp. Malizani ngongole, bwezani magolovesi ndi china chilichonse chimene munabwereka, mupite nokha kukathokoza. Chifukwa chochokera chinenedwe mwachidule, osasandutsa kutsanzika kukhala mlandu. Anzanu musawakope kuti akutsatireni, ndipo kusukulu yatsopano musakayambe ndi miseche ya kumene mwachoka. Sensei watsopanoyo akamva, adziwa kuti mawa mudzanena iye. Anthu a masewerawa amadziwana, ndipo pampikisano wotsatira mukhoza kupeza kuti woyimbira masewera anu ndi mphunzitsi wanu wakale.