Zithunzi za makolo zisathere m'sutikesi

Nyumba zambiri kuno ku Amaramba zili ndi kaenvulopu kapena kajumbo ka zithunzi zakale, kobisidwa pansi pa zovala m'sutikesi. Mumapezeka chithunzi cha ukwati wa amayi ndi abambo, cha mwana pa tsiku la ubatizo kapena la Idi, cha amalume ataima ndi njinga yatsopano, ndi kena kakang'ono komatulidwa pa chiphaso chakale cha agogo. Zonsezi zinajambulidwa ndi kamera ya filimu, mafoni asanabwere. Wojambula ankafika pa njinga, kujambula, kulandira theka la ndalama, n'kumapita. Munkadikira milungu ingapo, chifukwa filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndipo mwini wake sankapita nayo kutauni kukatsukitsa isanadzaze.

Zithunzi zimenezi ndi zochepa, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa. Pa nkhondo ya kuno ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo pothawa munthu ankanyamula mwana ndi poto, alubamu n'kutsala. Chimene chinapulumuka nthawi zambiri chilipo chimodzi chokha. Chikawonongeka, nkhope ya munthuyo yapita. Choncho tiyeni tione mmene mungazisamalire ndi zinthu zopezeka pakhomo.

Dziwani kaye chimene chili m'manja mwanu

Pamwamba pa filimu ndi pa pepala la chithunzi pali kachikuto kopyapyala ka jelatini, yemwe amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. M'kachikutomo muli mankhwala a siliva omwe amasintha akaona kuwala. Kamera ikaphethira, chithunzi chimalowa koma sichioneka mpaka filimuyo itaviikidwa m'mankhwala mumdima: oyamba otulutsa chithunzi, ena ochilimbitsa kuti kuwala kusachisinthenso, kenako madzi otsukuluza. Chotuluka apo ndi negetivu, kaliboni koonekera mkati komwe koyera kumaoneka kwakuda, kwakuda n'kuoneka koyera. Kuchokera pa negetivuyo ndi pomwe ankawalitsira chithunzi pa pepala.

Jelatini uja ndiye gwero la mavuto onse. Akanyowa amafewa n'kumata. Nkhungu, mphemvu ndi njenjete zimamudya. Kutentha ndi dzuwa zimafwifwitsa mitundu, makamaka pa zithunzi zamakala, zomwe zimayamba kufiira kapena kuchita chikasu. Ife tili m'mphepete mwa nyanja ndi madambo, kuyambira ku Chiuta mpaka kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, ndiye chinyezi sichichoka m'nyumba kuyambira Disembala mpaka Epulo. Sutikesi yokhala pansi, yotsamira khoma ladothi, imayamwa chinyezicho usana ndi usiku.

Nthawi yake ndi zofunika

Ntchitoyi igwireni m'chilimwe, pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, mpweya uli wouma. Mukalongedza m'dzinja mudzatsekera chinyezi mkati momwemo.

Pezani kope latsopano, pensulo, mapepala oyera osalembapo, maenvulopu a pepala, kansalu kofewa kouma, ndi ndowa ya pulasitiki ya chivundikiro chothina. Chodula pa zonsezi ndi ndowa yokha. Zinazo ndi zomwe mumagulira ana asukulu. Ndowayo ikhale yatsopano kapena yotsuka bwino, yosasungirapo mafuta, mchere, fetereza kapena nsomba. Mukapeza timapaketi tija toyamwa chinyezi totuluka m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni, tisungeni, koma patali ndi ana. Zithunzi 50 zimafuna m'mawa umodzi wozipukuta ndi kuzisanja, ndi madzulo amodzi okhala ndi akuluakulu.

Choyamba: kutulutsa ndi kupukuta

Sambani m'manja ndi sopo, muumitse bwinobwino. Ngati mwagwira nsomba kapena mwadzola mafuta, sambani kawiri, pakuti chala chamafuta chimasiya chidindo chosachoka. Yalani nsalu yoyera patebulo kapena pamphasa, pakhonde pamthunzi. Gwirani chithunzi m'mbali mokha, osakhudza pankhope.

Fumbi lichotseni ndi kansalu kouma, mopepuka, kuchokera pakati kupita m'mbali. Musauzire ndi pakamwa, timalovu timatsala. Musapukute ndi nsalu yonyowa, sipiriti kapena palafini.

Chotsani mapini, mawaya omanira mapepala ndi mphira zomangira. Mapini amachita dzimbiri lomwe limadya pepala, ndipo mphira ikakalamba imasungunuka n'kumatirira. Chithunzi chong'ambika musachilumikize ndi selotepi kapena guluu. Ikani zidutswazo pamodzi m'envulopu yakeyake. Chomwe chamera nkhungu chipatuleni, chiume pamthunzi tsiku lonse, kenako mupukute pang'onopang'ono muli panja, ndipo chisabwererenso pakati pa zinzake. Chomwe chamatirira pagalasi la felemu musachikoke, chifukwa nkhope idzatsalira pagalasipo. Chisiyeni momwemo.

Chachiwiri: lembani mayina akuluakulu akadalipo

Gawo ili ndi lomwe ambiri amalidumpha, chonsecho ndilo lofunika koposa. Chithunzi chosadziwika mwini chimasanduka pepala wamba, ndipo zidzukulu zidzachitaya. Khalani pansi ndi agogo, azakhali kapena amalume, muwaonetse chimodzichimodzi. Afunseni kuti uyu ndani, mwana wa yani, panali pati, chinali chaka chiti. Akaiwala chaka, afunseni ngati kunali kusanathawidwe nkhondo, kumsasa ku Malawi, kapena atabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992. Musawafulumizitse, nkhani zambiri za banja zimatulukira pomwepo.

Chithunzi chilichonse chipatseni nambala. Lembani nambalayo kumbuyo, pakona, ndi pensulo, osadinikiza. Zithunzi zambiri zamakala zili ndi kumbuyo koterera komwe pensulo imakana. Zikatero lembani pa envulopu. Mayina ndi nkhani yonse zipite m'kope, moyang'anizana ndi nambala ija. Bolopeni ayi: inki imalowerera mpaka kutsogolo, komanso imadinda pankhope ya chithunzi chotsatira.

Chachitatu: kulongedza ndi posungira

Dulani mapepala oyera molingana ndi zithunzi, muike pepala limodzi pakati pa zithunzi ziwiri zilizonse kuti nkhope zisakhudzane. Nyuzipepala musagwiritse ntchito, imasiya inki ndi chikasu. Envulopu imodzi ilowe zithunzi 10 kapena 15, zosapanikizana. Ngati muli ndi alubamu ija ya masamba omata okutidwa ndi pulasitiki, tulutsanimo zomwe zikuchoka mosavuta, poti guluu wake amadya pepala. Zokana kuchoka zisiyeni.

Imikani maenvulopu m'ndowa, kope lija pambali, timapaketi toyamwa chinyezi pamwamba, n'kutseka. Musaikemo mpunga poganiza kuti uumitsa, mungoitana anankafumbwe. Ndowayo ikhale pamwamba, pathandala kapena pashelefu, yosakhudza khoma chifukwa cha chiswe. Isakhale kukhitchini kapena pafupi ndi powambira nsomba, utsi ndi mwaye zimadetsa zithunzi. Isayandikirenso malata, kumene kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Kawiri pachaka, mvula ikatha ndi isanayambe, tsegulani tsiku louma muone ngati zonse zili bwino.

Ambiri amakonda kulamineta zithunzi poganiza kuti akuziteteza. Chithunzi chakale musatero. Makinawo amatentha, pulasitikiyo siimatukanso, ndipo chinyezi chikalowa m'mphepete chimaononga mkati inu mukuona. Chofuna kupachika pakhoma kapena kulamineta chikhale chotsukitsa chatsopano, chenichenicho chigone m'ndowa.

Chachinayi: manegetivu musataye

Ojambula ena ankabweza manegetivu pamodzi ndi zithunzi, timaliboni tofiirira todulidwa tinayi kapena tisanu ndi kamodzi. Ana amakonda kuseweretsa poyang'anira dzuwa. Alandeni, n'zoopsanso kumaso. Negetivu ili ngati mbewu: ikakhalapo, chithunzi chotayika chimabwereranso, kangati konse mungafune. Ku Maputo, sukulu ya zojambula yomwe inatsegulidwa mu 1983 motsogozedwa ndi Ricardo Rangel, mkulu wa ojambula zithunzi m'dziko muno yemwe anamwalira mu 2009, imasunga manegetivu ochuluka a mbiri ya Mozambique. Anu a pakhomo ndi mbiri ya banja lanu, asamalidwe chimodzimodzi.

Agwireni m'mbali, kumene kuli timabowo. Musawapinde kapena kuwadula. Kaliboni kalikonse kakulungeni m'pepala loyera lakelake. Kakayamba kununkha ngati viniga ndiye kuti kayamba kuwola. Kapatuleni ndipo kajambulitseni msanga. Ngati m'dera lanu muli munthu amene kale ankajambula, mufunseni mwaulemu ngati anasunga manegetivu ake. Mwina nkhope ya amayi anu ili m'katoni mwake.

Mukapeza filimu yosatsuka

Nthawi zina m'katundu wa malemu mumapezeka kachitini kakang'ono kolembedwa Kodak, Fujifilm, Agfa kapena Konica. Musakatsegule ndipo musakoke kalilime kake kuti muone. Filimu yosatsuka ikaona kuwala ngakhale kamphindi, zonse zafufutika, ndipo madzi akatayika saoleka. Ngati kalilime kalowa konse mkati, kawirikawiri ndiye kuti inajambulidwa kale. Mukapeza kamera yakale, musatsegule chitseko chakumbuyo. Dinani kabatani kapansi, zungulizani kachogwirira kobwezera filimu motsata muvi mpaka kapepuke, kenako tsegulani.

Kutsukira pakhomo sindikulimbikitsa. Filimu yamakala imafuna mankhwala ake otentha madigiri 38 osasinthasintha, ndipo kulakwitsa pang'ono kumaononga yonse. Masitudiyo ambiri a masiku ano amangosindikiza zochokera pafoni, ndipo otsuka filimu atsala ochepa, m'mizinda ikuluikulu. Musawononge ya thiransipoti kupita ku Cuamba kapena kuwolokera ku Malawi pa Entre-Lagos ndi Nayuchi musanafunse. Tumani wachibale wa kutauni afunse kaye ngati amatsuka filimu yeniyeni, mtengo wake, ndi masiku odikira. Kunena mosabisa, zimenezi zimadula kuposa kutsukitsa zapafoni, zingatenge milungu, ndipo filimu yokhalitsa pamalo otentha ingatuluke yofwifwa kapena yopanda kanthu.

Chachisanu: jambulaninso ndi foni

Kujambulaku sikufuna ndalama, koma batire yodzaza ndi ola limodzi pa zithunzi 30. Pukutani diso la kamera ya foni. Goneka chithunzi pansalu yakuda pakhonde, m'mawa, pomwe pali kuwala koma dzuwa silikuomba. Zimitsani fulashi. Foni ikhale pamwamba penipeni, yosapendekeka, zigongono mutatsamiritsa patebulo kuti musanjenjemere. Chapagalasi chija chijambuleni momwemo, mukusuntha mpaka kunyezimira kuchoke. Jambulaninso masamba a kope la mayina.

Negetivu nayo imatheka. Matani pepala loyera pawindo lowala, gwirani negetivu patsogolo pake motalikirako pang'ono, jambulani, kenako wachinyamata wodziwa foni atembenuze mitundu. Siituluka bwino ngati ya kusitudiyo, koma mudzadziwa amene alipo ndi zoyenera kulipirira.

Foni imatayika, imabedwa, imagwera m'nyanja. Choncho sungani zithunzizo pa memori khadi, mutumizenso kwa abale awiri okhala kwina. Pa WhatsApp tumizani ngati dokyumenti kuti zisachepe mphamvu. Zimadya bandulo yochulukirapo koma zimatsukika bwino. Zomwe mumazikonda kwambiri katsukitseni papepala, mugawire abale. Funsani mtengo wa chimodzi musanapereke, ndipo yambani ndi chimodzi muone mmene chatulukira.

Zikanyowa ndi mvula kapena madzi osefukira

Apa liwiro ndilo mankhwala, chifukwa nkhungu imayamba pakatha masiku awiri kapena atatu. Tulutsani zithunzi m'maenvulopu ndi m'alubamu zikadali zonyowa. Zamatope zitsukuluzeni m'beseni la madzi oyera ozizira, a pamjigo, opanda sopo, osapukuta pankhope. Zomatana musazikoke: ziviikeni mphindi 20 kapena 30, muyese kuzilekanitsa pang'onopang'ono zili m'madzi momwemo. Zikakana, sinthani madzi mudikirenso. Musachite mantha, zithunzi za filimu zinabadwira m'madzi. Koma chomwe chinali kale ndi nkhungu musachiviike, nkhope imasungunuka, ndipo zosindikiza ndi inki masiku ano zimatha kusuluka.

Yalani chilichonse pachokha pansalu youma, nkhope kumwamba, pamthunzi podutsa mphepo. Manegetivu apachikeni pachingwe ndi zopanira zovala, mutapana m'mphepete. Padzuwa ayi, pamoto ayi, kusita ayi. Zimauma tsiku limodzi kapena awiri. Zikapindika, zikauma ndithu zipanikizeni pakati pa mapepala oyera pansi pa mabuku kwa sabata imodzi.

Abale anga, musadikire maliro kuti muyambe kufunafuna chithunzi cha munthu. Sabata ino tsitsani sutikesi ija, gulani kope ndi pensulo, ndipo pitani kwa agogo akadali ndi maso oona ndi mutu wokumbukira. Mvula ya chaka chino ipeze zithunzi zanu zili m'ndowa yotseka, pamwamba, chilichonse ndi dzina lake.