PHUNZIRO 7: KODI KUDWALA NDI MLANDU?

Tione

Tiyerekeze mayi amene wakhala akuthyola tiyi pa esiteti kwa zaka 6. Wagwidwa ndi chibayo ndipo wagona m'chipatala milungu 3. Pobwerera ku ntchito, kapitawo akumuuza kuti dzina lake linafufutidwa kale chifukwa chojomba. Ambiri zikatere amangoti, "Mwini ntchito wanena," n'kubwerera kumudzi. Kodi chilungamo chachitika?

Lamulo likuti chiyani?

Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limafotokoza ufuluwu motere:

1. Munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 yotsatizana akadwala, ayenera kupuma milungu 4 akulandira malipiro onse, ndi milungu ina 8 akulandira theka la malipiro, chaka chilichonse. Koma aonetse kalata ya dokotala wovomerezeka.

2. Kulephera kufika pa ntchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Gawo 57 likutero.

3. Matenda akakhalitsa mpaka munthu kulephereratu ntchito yake, bwana angathe kuthetsa ntchitoyo, koma ayambe wamva mbali ya wantchitoyo.

4. Mlandu ukafika kukhoti, bwana ndiye ayenera kupereka chifukwa chimene anamuchotsera.

Tiunike ndi Mau a Mulungu

Werengani Luka 7:1-10. Mkulu wa asilikali uja, wantchito wake atadwala, sanamutaye koma anamufunira machiritso kwa Yesu. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anatikumbutsa kuti munthu ndi wofunika kuposa ntchito imene akugwira. Enafe tili ndi antchito apakhomo, alonda ndi abusa a ziweto. Akadwala timatani nawo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tichitepo kanthu

Wantchito nayenso ali ndi udindo. Mukadwala tumizani uthenga ku ntchito msanga, ndipo musatuluke m'chipatala opanda kalata. Kunamizira matenda ndi chinyengo, ndipo lamuloli silitchinjiriza wabodza.

Ngati akuchotsani chifukwa cha matenda, kadandauleni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu isanathe miyezi 3 chichotsedwere. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pantchito, limene lingalamule kuti akubwezereni pa ntchito kapena akupatseni chipepeso.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. N'chifukwa chiyani anthu ambiri ochotsedwa ntchito sapita kukadandaula?

2. Kodi antchito a pa parishi yathu amapatsidwa tchuthi akadwala?

3. Tingamuthandize bwanji mkhristu mnzathu wosadziwa kulemba kuti dandaulo lake lifike nthawi isanathe?