Bill Mauldin, Msilikari Wojambula Zithunzi

Pamene amai a ku Madziabango asinja chimanga pamtondo, kawirikawiri amayimba nyimbo yonena za mwamuna waulesi kapena za mpongozi wouma mtima. Anthu akumva amaseka, koma mwini nkhani amamva mumtima mwache. Mau amene munthu aopa kuwanena maso ndi maso, nyimbo iwanena popanda ndeu. Ku maiko ena nchito yomweyi imachitidwa ndi zithunzi zoseketsa za m'nyuzipepala. Phunziro ili likamba za mnyamata wina amene anagwira nchito imeneyi pakati pa nkhondo.

Dzina lache ndiye Bill Mauldin. Anabadwa chaka cha 1921 ku mapiri a New Mexico, m'dziko la America. Makolo ache anali osauka, ndipo iye anali mwana wochepa thupi ndi wodwaladwala. Koma dzanja lache linali laluso. Anayamba kuphunzira kujambula ndi maphunziro omtumizira m'kalata, napita pambuyo pache ku sukulu ya zithunzi mumzinda wa Chicago. Chaka cha 1940 analowa usilikari.

Nkhondo yaikuru yachiwiri, ya 1939 kufikira 1945, inafika ndi kuno komwe. Amuna ambiri a dziko lino, limene masiku amenewo linatchedwa Nyasaland, analembedwa m'gulu la King's African Rifles, nakamenya nkhondo ku Abyssinia mu 1941 ndi ku Burma mu 1944, kumene anayenda m'matope ndi mvula yosakata. Mauldin sanakomane nao, pakuti iye anatumidwa ku Sicily ndi ku Italy mu 1943. Koma matope a nkhondo ndi amodzi ponseponse, ndi njala yache ndi imodzi.

Ku Italy anajambulira nyuzipepala ya asilikari yotchedwa Stars and Stripes. Ambiri ojambula za nkhondo anaonetsa asilikari okongola, obvala zoyera, osadziwa mantha. Mauldin sanatero ai. Iye anapeka asilikari awiri, Willie ndi Joe, amene anali ndi ndebvu zosameta, maso otopa, malaya ong'ambika ndi nsapato zodzala madzi. M'zithunzi zache awiriwa akhala m'dzenje mvula iri kugwa, akumbuka kwao, nadandaula za akuru ena amene agona m'nyumba zouma kutali ndi mfuti. Sanali amantha, komanso sanali onyada; anangogwira nchito yao chifukwa cha anzao. Mauldin anadziwa zimenezi chifukwa ankapita yekha kumene kunali kumenyana, ndipo chaka chomwecho cha 1943 kachitsulo ka bomba kanamlasa paphewa. Asilikari poona zithunzizo anaseka, pakuti anadziona okha m'menemo.

Koma panali kazembe wina wa nkhondo, dzina lache George Patton, munthu waukali, wokonda mwambo. Iye analamula kuti msilikari wache ali yense amete ndebvu ndi kubvala bwino, ndipo wosatero alipe ndalama. Tsono Mauldin anajambula Willie ndi Joe ali m'galimoto, ali kuwerenga chikwangwani cha milandu imeneyo, napangana kuti kuli bwino alambalale ulendo wautali koposa kupyola m'dera la kazembeyo. Patton anapsa mtima ndithu. Anayesa kuti zithunzi zotere ziphunzitsa asilikari kupeputsa akuru ao, naopseza kuti adzaletsa nyuzipepalayo pakati pa anthu ache.

Kuchiyambi kwa 1945 awiriwa anakomana ku Luxembourg. Wina anali kazembe wa asilikari zikwi zambiri. Wina anali sajeni chabe wa zaka 23. Patton anamdzudzula nthawi yaitali. Mauldin anamvetsera mwaulemu, ndipo pamene anapatsidwa danga anafotokoza kuti dandaulo liri kale m'mitima ya asilikari, ndi kuti munthu akaona dandaulo lache papepala naseka, mtima wache upepuka. Sanabvomerezane, koma Mauldin sanasinthe zithunzi zache. Kazembe wamkuru wa onse, Dwight Eisenhower, analamula kuti nyuzipepala ya asilikari isasokonezedwe. Iye anazindikira chimene makolo ananena, kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chaka chomwecho Mauldin analandira mphotho ya Pulitzer, imene iri ulemu waukuru kwa olemba ku America, ndipo buku lache lotchedwa Up Front linawerengedwa ndi anthu ambirimbiri. Itatha nkhondo sanaleke. Anajambula zithunzi zotsutsa anthu ozunza anzao akuda m'dziko lache, ngakhale nyuzipepala zina zinaleka kulandira zithunzi zache. Mu 1959 analandiranso mphotho yomweyo kachiwiri.

Atakalamba anagwidwa ndi nthenda yoiwalitsa, nagona m'nyumba yosungira odwala ku California. Pamene asilikari akale anamva mbiriyo mu 2002, anamlembera makalata zikwi zambiri, ndipo ena anadza okha, nkhalamba za imvi, kudzakhala pambali pa kama wache. Anamwalira pa 22 January 2003, naikidwa ku Arlington, kumanda a asilikari a dziko lache.

Ana inu, kuseka kuli pawiri. Kulipo kuseka kwa mwano, kumene kugwetsa wofoka pansi. Kuliponso kuseka kumene kudzutsa wotopa ndi kukumbutsa wamphamvu kuti nayenso ndi munthu. Mauldin anasankha kwachiwiriku. Sanaseke msilikari wa m'matope, koma anaseka naye pamodzi. Mwana amene adziwa kujambula pa sileti kapena pamchenga ayambe wayang'ana bwino chimene chiri pamaso pache, nachijambule monga chiri. Ndipo asanaonetse anzache, adzifunse ngati chithunzicho chipweteka wosauka kapena chimthandiza.

MAFUNSO

1. Kodi amuna a dziko lino anakamenya nkhondo ku maiko ati mu 1941 ndi mu 1944?
2. Willie ndi Joe anaoneka bwanji?
3. Patton anakwiyiranji, ndipo Mauldin anamyankha chiani?
4. Kodi chithunzi choseketsa chifanana bwanji ndi nyimbo ya pamtondo?