Onyamula Zitsulo a m'Makomboni a Lusaka

M'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama ndi George, muli anyamata amene amadzuka mbandakuca anzao ali cigonere. Amasonkhana kuseri kwa nyumba, pa kabwalo kochingidwa ndi malata akale, nayamba kunyamula zolemera. Pamene dzuwa lituruka iwo ali thukuta kamukamu. Pamenepo amasamba, napita ena kusukulu, ena ku nchito zao. Anyamatawa salandira malipiro pa masewera ao. Cimene afuna ndico thupi lamphamvu. Koma si onse amene amalipeza, pakuti mphamvu iri ndi malamulo ace, ndipo wonyozera malamulowo amangopata msana wowawa.

Zipangizo zao

Nyumba zocitiramo masewerawa za m'tauni ziri ndi zitsulo zonyezimira zocokera kunja, koma kulowamo kumalira ndarama mwezi ndi mwezi. Motero anyamata a m'komboni amadzipangira okha zonyamula. Amatenga zitini ziwiri za penti, nasanganiza simenti, mcenga ndi miyala yophwanya, yonga ija amaphwanya amai m'mbali mwa mseu ku Kalingalinga. Amadzaza citini cimodzi, nazika nsonga ya mpope wacitsulo pakati pace. Cikauma amacita cimodzimodzi ku nsonga inayo. Citini ca malita 5 codzazidwa cotero cimalemera makilogramu ngati 12, kotero kuti zitini ziwiri zimakwana makilogramu 24, osawerengera mpope. Ena amagula zitsulo zakutha za galimoto kwa amakanika, nazilumikiza ku mpope.

Zipangizo zotere siziyenera kunyozedwa. Mnofu sudziwa ngati cimene wanyamula ndi citsulo ca mtengo wapatali kapena citini ca simenti. Umangomva kulemera basi. Cofunika ndi cakuti mbali ziwirizo zilemere mofanana, ndi kuti zitini zigwire zolimba pa mpope, kuopa kuti cina cingapulumuke ndi kuphwanya phazi la munthu.

Milo ndi mwana wa ng'ombe

Agiriki akale anali ndi nthano imene iphunzitsa lamulo loyamba la mphamvu. Zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, m'mudzi wa Croton, kumwera kwa dziko la Italy, munali munthu wogwetsana dzina lace Milo, amene anapambana kasanu ndi kamodzi pa masewera a ku Olympia. Nthanoyo imati Milo anatenga mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, namsenza pamapewa. M'mawa mwace anamsenzanso, mkuca cimodzimodzi, osaleka. Mwana wa ng'ombe uja analikukula tsiku ndi tsiku, nayo mphamvu ya Milo inalikukula pamodzi naye, kufikira tsiku lina anthu anazizwa pomuona atasenza nkhunzi yathunthu.

Milo akadayamba ndi nkhunzi, ikadamthyola msana tsiku lomwelo. Akadangosenzanso katundu wolemera cimodzimodzi caka conse, mphamvu yace ikadaima pamodzimodzi. Anapambana cifukwa katundu wace anaonjezeka pang'ono pokha tsiku liri lonse. Akuluakulu a kuno ananena zomwezo m'mau ocepa: pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'mene mnofu umakulira

M'thupi la munthu muli minofu yoposa 600. Mnofu uli wonse ndi mtolo wa timaluzi tating'onoting'ono, ndipo umamangirira ku fupa ndi mtsempha wolimba. Timaluzito tikafupika timakoka fupa, ndiye mkono kapena mwendo umapindika.

Munthu akanyamula cinthu colemera kuposa cimene anazolowera, timaluzito timatopa ndi kuonongeka pang'ono. Ncifukwa cace woyamba kumene amamva kuphwanya m'thupi pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Tsono thupi limakonza moonongekamo, ndipo pokonzapo limaonjezera, kuti mnofuwo ukhale wokonzekera katundu wotereyo. Nchito yokonzayi siicitika munthu ali pa citsulo ai. Imacitika iye akupumula, makamaka ali m'tulo, ndipo zomangira zace ndizo cakudya. Cotero pa cinthu cimeneci pali mafuwa atatu: kunyamula, kudya ndi kupumula. Kucotsapo limodzi, mphika sukhala pamoto.

Pa masabata oyamba mphamvu imaonjezeka msanga ngakhale mikono isanakule, cifukwa bongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamulira minofu kuti igwire nchito pamodzi. Kukula kwa mnofu kooneka ndi maso kumadza pambuyo, pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo. Mitsempha yomangirira minofu ku mafupa imacedwa koposa kukhwima. Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna: mnofu umati ndakhoza, pamene mtsempha usanakonzeke.

Malamulo a pabwalo

Mnyamata watsopano akafika pabwalo, maso ace amathamangira ku citini cacikuru koposa zonse, pofuna kuti anzace amtame. Wamkuru wa pabwalopo, ngati ali wanzeru, amamletsa nati, "Mphwanga, yamba wanyamula mpope wopanda kanthu." Womvera amakhalitsa. Wosamvera amanyamuladi kamodzi, koma sabata lotsatira saonekanso. Safunsa adadya phula.

Odziwa bwino masewerawa amasunga malamulo awa.

Loyamba, kutenthetsa thupi. Asanagwire citsulo amathamanga pang'onopang'ono kapena kulumpha cingwe kwa mphindi 5 kufikira 10, napukusa mikono ndi kupinda maondo.

Laciwiri, kusankha katundu woyenera. Woyenera ndi amene munthu akhoza kumnyamula bwino maulendo 8 kufikira 12 mosalekeza. Akatero amapuma mphindi imodzi kapena ziwiri, nabwereza kaciwiri ndi kacitatu. Tsiku limene maulendo 12 ayamba kupepuka, amaonjezera kilogramu imodzi kapena ziwiri zokha.

Lacitatu, kusamala msana. Potola cinthu pansi amaima pafupi naco, napinda maondo, msana uli coongoka, cifuwa ciri patsogolo; ndipo amadzuka ndi mphamvu ya miyendo ndi ciuno. Kuwerama msana uli cokhota ndi kuzula katundu mwadzidzidzi ndiko kwapweteka anthu ambiri.

Lacinai, kusanyamula wekha. Wogona cagada pa benci nakankha citsulo pamwamba pa cifuwa ayenera kukhala ndi mnzace woima kumutu, wokonzeka kucigwira mikono ikalephera. Citsulo cogwera pakhosi cikhoza kupha munthu. Mutu umodzi susenza denga.

Lacisanu, kulimbitsa thupi lonse. Ena amangokonda mikono ndi cifuwa, popeza ndizo zimaoneka m'malaya, naiwala miyendo ndi msana. Oterewa amafanana ndi nkhokwe yaikuru yoima pa mitengo yowonda.

Lacisanu ndi cimodzi, kupumula. Mnofu umene wagwira nchito yaikuru ufuna masiku ngati awiri kuti ucire. Masiku atatu pa sabata, monga Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu, ngokwanira woyamba kumene. Ululu wobaya wa m'mfundo kapena mumsana ndi cenjezo lakuti aleke, ndipo ukapitirira apite kucipatala.

Cakudya ca wonyamula zitsulo

Nsima, mbatata ndi mpunga zimapatsa thupi mphamvu yogwirira nchito, monga makala pa mbaula. Koma zomangira mnofu ziri m'ndiwo: nyemba, nsawa, soya, kapenta, mazira, mkaka ndi nyama. Ndiwo zamasamba ndi zipatso zimateteza thupi ku matenda, ndipo madzi abwino amabwezera amene aturuka ndi thukuta. Zonsezi zimapezeka pa msika wa m'komboni. Nsima ya kapenta ndi ndiwo zamasamba zotendera ndi cakudya cokwanira comanga thupi.

Alipo ena osaleza mtima amene amamwa kapena kudzibaya mankhwala ochedwa steroids kuti atupe msanga. Mankhwalawa amaononga mtima ndi ciwindi, ndipo mwa mwana amene akali kukula akhoza kuimitsa msinkhu. Pa mipikisano ngoletsedwa. Wogwidwa nao amalandidwa mendulo, naletsedwa kupikisana kwa zaka. Mowa ndi fodya nazonso ndi adani a mphamvu.

Pa mpikisano

Kunyamula zitsulo kunalipo pa masewera oyamba a Olympic a makono, amene anacitika ku Athens m'caka ca 1896. Akazi analoledwa kupikisana nao kuyambira ku Sydney m'caka ca 2000. Mpope wa amuna umalemera makilogramu 20, wa akazi 15. Ndiye kuti mtsikana wosenza cigubu ca malita 20 pocokera kotunga madzi ku Kanyama wasenza kulemera kwa mpope wa amuna, pakuti lita imodzi ya madzi ndi kilogramu imodzi.

Manyamulidwe a pa mpikisano alipo awiri. Pa oyamba, ochedwa snatch, munthu amakwatula citsulo pansi nacifikitsa pamwamba pa mutu ulendo umodzi. Pa aciwiri, ochedwa clean and jerk, amayamba wacifikitsa pamapewa, kenaka nacikankhira kumwamba. Ali yense amayesa katatu pa manyamulidwe ali onse. Oweruza amakhala atatu: nyali yoyera ndiko kubvomera, yofiira ndiko kukana, ndipo awiri akabvomera ndiye kuti wakhoza. Opikisana amagawidwa monga mwa kulemera kwa matupi ao, kuti wamng'ono asalimbane ndi cimphona.

Pa masewerawa luso liposa ukuru wa thupi. Naim Süleymanoğlu wa ku Turkey anali wamfupi, wa masentimita 147 okha. Ku Seoul m'caka ca 1988, popikisana m'gulu la anthu a makilogramu 60, anakweza pamwamba pa mutu makilogramu 190, ndiko kuposa katatu kulemera kwa thupi lace. Thumba la simenti limalemera makilogramu 50. Tsono iye anangotsala ndi makilogramu 10 kuti akwanitse matumba anai.

Si onyamula zitsulo okha amene afuna mphamvu. Ankhonya, osewera mpira ndi othamanga onse amalimbitsa minofu kuti aonjezere liwiro ndi kupewa kubvulala. Dziko la Zambia lapata ulemu ndi anthu a masewera otere. Samuel Matete analandira mendulo yasiliva ku Atlanta m'caka ca 1996, pa liwiro la mamita 400 lolumpha mipiringidzo. Muzala Samukonga analandira yamkuwa ku Paris m'caka ca 2024, pa liwiro la mamita 400. Esther Phiri, amene anakulira ku Mtendere nagulitsako ndiwo pamsika, anaphunzitsidwa nkhonya ndi malemu Anthony Mwamba, nadziwika m'maiko ambiri. M'caka ca 2010 anatsegula malo a masewera a acinyamata ochedwa Olympic Youth Development Centre, m'mbali mwa mseu wa Great North, kufupi ndi Matero. Kumeneko ana a m'makomboni apezako aphunzitsi a masewera osiyanasiyana.

Nanga ana a sukulu?

Anthu ena amati mwana akalimbitsa thupi sakula. Madokotala apeza kuti masewera ocitidwa mwa muyeso, wamkuru wodziwa akuyang'anira, safupikitsa mwana. M'malo mwace amakhwimitsa mafupa. Coopsa ndi katundu woposa msinkhu, cifukwa nsonga za mafupa a mwana zikali zanthete. Motero mwana sayenera kupikisana ndi akuru pa zitini zao, ngakhale anzace amseke.

Bungwe loona za umoyo la World Health Organization limalangiza kuti ana a zaka 5 kufikira 17 azisewera molimbika mphindi 60 tsiku liri lonse, ndi kuti masiku atatu pa sabata azicita zolimbitsa minofu ndi mafupa. Pa zimenezi mwana safunika citsulo, pakuti thupi lace lomwe ndilo katundu wokwanira. Akhoza kugona cafufumimba nadzikankha ndi mikono. Akhoza kunyonyomala ndi kudzuka msana uli coongoka. Akhoza kulendewera ku nthambi yolimba nadzikokera kumwamba. Akhoza kulumpha cingwe ndi kuthamanga. Akayamba ndi maulendo asanu, naonjezera umodzi sabata ndi sabata, ndiye kuti wasenza mwana wa ng'ombe wa Milo. Usiku agone maola asanu ndi anai kapena kuposerapo.

Mphamvu yopezeka motero iri ndi nchito zambiri. Imasenzera agogo thumba la ufa la makilogramu 25, imakumba ngalande madzi akasefukira m'komboni nyengo ya dzinja, imanyamula wodwala kumka naye kucipatala. Mnyamata wogwiritsa mikono yace poopseza ang'ono ndi kumenya anzace amaopedwa kanthawi, koma palibe womlemekeza. Amene anthu a m'komboni amamchula ndi ulemu ndi uja amamuitana pakagwa katundu wolemera.

Mafunso

1. Kodi anyamata a m'makomboni amapanga bwanji zonyamula zao?
2. Nthano ya Milo iphunzitsa lamulo lotani?
3. Chulani mafuwa atatu a mphamvu. Kodi mnofu umakula nthawi iti?
4. Ncifukwa ninji wogona pa benci afunika mnzace woima kumutu?
5. Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi: "Pang'onopang'ono ndi mtolo"; "Safunsa adadya phula."
6. Zitini ziwiri zilemera makilogramu 12 cimodzi, ndipo mpope ulemera makilogramu 4. Mnyamata wanyamula zonsezi maulendo 10, nabwereza kaciwiri ndi kacitatu. Kodi wanyamula makilogramu angati onse pamodzi?

Zocita

Mothandizidwa ndi aphunzitsi, onetsani kutolera kwabwino kwa cidebe ca madzi kucokera pansi. Kenaka lembani m'makope mwanu zakudya zisanu zomanga thupi zopezeka pa msika wa kwanu.